Filimu ya achinyamata oletsedwa kuvina: mizati yake ili pati?

Funso: Ndine mphunzitsi woyang'anira kalabu ya zisudzo pa sekondale ina. Ana anga anaonera Footloose, filimu ya ku America ya tauni imene inaletsa dansi, ndiye andikakamira kuti nafenso tijambule yathu ya mphindi 30 pa mutu womwewo. Kodi nkhani imeneyi inachitikadi? Nanga tiimange bwanji yathuyi? Tayeserapo kawiri, koma m'busa wa m'sewero lathu akungokalipa, ana akungovina, ndipo amene tawaonetsa akuseka malo osafunika kuseka.

Yankho: Zinachitikadi aphunzitsi, koma osati ndendende momwe filimuyo ikuonetsera, ndipo pamene pali kusiyanapo ndi pamene pagona yankho la funso lanu lachiwiri.

Ku Elmore City, katauni ka anthu osafika 1,000 m'chigawo cha Oklahoma, dansi ya pagulu inali yoletsedwa kuyambira mu 1898. Mu 1980 ophunzira a pa sekondale ya m'tauniyo anapempha kuti awalole kuchita prom, dansi imene ana a sukulu ku America amachita akamayandikira kumaliza maphunziro. Abusa ena anakana kwamtuwagalu. Nkhani itafika ku komiti ya sukulu mavoti anafanana, awiri uku awiri uku, mpaka wapampando anaponya yake kumbali ya ana, dansi n'kuchitika. Dean Pitchford, katswiri wolemba mawu a nyimbo, anaimva nkhaniyi, n'kulemba sewero limene Herbert Ross anawongolera ndi kutulutsa mu 1984. Katauniko sikanali kokha. Tchalitchi cha Methodist Episcopal chinaika dansi m'gulu la zosangalatsa zoletsedwa mu 1872, ndipo ndime imeneyo inafewetsedwa mu 1924. Yunivesite ya Baylor ku Texas, ya mpingo wa Baptist, inakhazikitsidwa mu 1845 koma dansi yoyamba pa sukulupo inachitika mu 1996. Ku Purdy m'chigawo cha Missouri ophunzira anakasuma ku khoti, koma mu 1989 bwalo la apilo linagamula kuti lamulo la sukulu loletsa dansi likhoza kukhalapo. Oletsawo sankalimbana ndi mapazi. Nkhawa yawo inali pa zimene zimayendera limodzi ndi dansi: mnyamata ndi mtsikana kugwirana m'chiuno, mowa, ndi ulendo wobwerera kunyumba pa galimoto pakati pa usiku.

Tsopano onani chimene wolemba anasintha. Ku Elmore City ana anapambana pa voti. Mu filimu, Ren McCormack, mnyamata wotsogolera anzake pa nkhaniyi, amaima pamaso pa khonsolo ya tauni ya Bomont, amalankhula bwino, amawerenga Baibulo, ndipo khonsolo imamukanira. Lamulo silichotsedwa mpaka filimu kutha. Wolemba anataya dala chipambano chimene mbiri inamupatsa chaulere, chifukwa voti imangosintha pepala. Chimene oonera akhala akudikira ndi chakuti bambo wina asinthe mtima. Filimu yotere imavala malaya a ana, koma mwini nkhani ndi kholo limene likuopa. M'busa wanu akuseketsa anthu chifukwa mwamupatsa mkwiyo wopanda mantha kuseri kwake.

Mzati woyamba ndi bala, ndipo yambani nalo. Musanalembe mawu amodzi a m'busa, yankhani funso ili pa pepala lapadera: chinachitika n'chiyani, kwa ndani, zaka zingati zapitazo, kuti lamuloli libadwe? Mu Footloose, Bobby, mwana wamwamuna wa M'busa Shaw Moore, anafa pa ngozi ya galimoto pamodzi ndi anzake pochokera kokasangalala usiku. Lamulo loletsa dansi ndi maliro amene sanathe. Munthu akadziwa zimenezi, ulaliki uliwonse wa Shaw umamveka pawiri: mawu akunena za tchimo, koma nkhope ikunena za bokosi la mwana wake. Filimu ya 1984 imaulula balali pang'onopang'ono kudzera m'zokamba za anthu. Imene Craig Brewer anaijambulanso mu 2011 imayamba ndi ngoziyo, achinyamata asanu n'kufa oonera akuona. Pa filimu ya mphindi 30 ndikulangizani njira yachiwiriyi kapena yofanana nayo, chifukwa mulibe nthawi yobisa. Simukufunika kugubuduza galimoto. Chithunzi cha mwana pakhoma la pabalaza, mpando umene palibe amene amakhalapo pa nthawi ya chakudya, ndi mayi amene amachapabe malaya a sukulu opanda mwini, zakwana.

Mafilimu ena a mtunduwu amene anakhalitsa ali ndi bala lomweli, kungoti lavala zovala zina. Mu Billy Elliot ya mu 2000 mulibe m'busa. Muli bambo wogwira ntchito mu mgodi wa malasha kumpoto kwa England pa sitalaka ya 1984 mpaka 1985, mkazi wake atamwalira, m'nyumba mulibe ndalama. Amapatsa mwana wake 50 pence ya maphunziro a nkhonya, mwanayo n'kumakaipereka ku kalasi ya dansi ya ballet. Mkwiyo wa bamboyo uli ndi manyazi a mwamuna pakati pa amuna anzake, koma ulinso ndi masamu: khobidi limenelo analipeza movutikira. Mu Dirty Dancing ya mu 1987 bambo ndi dokotala wachifundo amene amapatsa mwana wake wamkazi madola 250 osaumirira kudziwa ntchito yake, kenako n'kuzindikira kuti ndalamazo zinalipira kuchotsa mimba kumene kunatsala pang'ono kupha mtsikana wina. Analakwa poganiza kuti mphunzitsi wa dansi ndiye mwini mimba, koma sanalakwe kumva kuwawa kuti mwana wake anamubisira. Ku South Africa, Hear Me Move ya mu 2015 inaika balali pa mayi: bambo wa mnyamatayo anali katswiri wovina pantsula ndipo anaphedwa, ndiye mwana analonjeza mayi ake kuti sadzavina. Paliponse kholo likulondola pa chinthu chimodzi chenicheni. Mukalephera kutchula chinthu chimene m'busa wanu akulondola, simunamulembe.

Muchitireni chilungamo pa Baibulonso. Anthu amakumbukira mavesi a Ren: Masalimo 149 pamene akuti alemekeze dzina la Mulungu ndi kuvina, 2 Samueli 6 pamene Davide akuvina ndi mphamvu zake zonse pamaso pa Yehova, ndi Mlaliki 3 pamene pali nthawi yolira ndi nthawi yovina. Koma m'busa amene wakhala pa guwa zaka 20 sangadzidzimuke ndi mavesi amenewa ngati akuwamva koyamba. Ali ndi ake. Pa Eksodo 32 Mose akutsika m'phiri n'kupeza mwana wa ng'ombe wagolide ndi anthu akuvina. Pa Marko 6 mwana wa Herodiya akuvina, mphotho yake n'kukhala mutu wa Yohane Mbatizi m'mbale. Mpatseni m'busa wanu mavesi amenewa ndipo awalankhule motsitsa mawu. Kukuwa kumamuchepetsa. John Lithgow, amene anasewera Shaw, amakweza mawu pa guwa, koma kunyumba amakhala munthu wotopa wolemba ulaliki pa tebulo usiku. Uzani mwana amene akusewera m'busa kuti akhoza kukalipa kamodzi kokha mu filimu yonse, ndipo asankhe yekha malo ake. Mudzaona momwe adzayambire kusunga mawu.

Mzati wachiwiri ndi mlendo. Akuluakulu anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo mu sewero ntchito yake ndi yomweyo. Ana obadwira m'tauni ya lamulo saliona lamulolo, monga nsomba siona madzi. Pafunika wina wochokera kunja amene adzafunse mokweza kuti "Mukuti chiyani? N'koletsedwa?" kuti oonera amve lamulo popanda munthu kuima n'kuyamba kulongosola. Ren amachokera ku Chicago ndi mayi ake kudzakhala kwa achibale. Lamulo amakumana nalo pa msewu, apolisi atamuimitsa chifukwa cha nyimbo zokweza m'kagalimoto kake kachikasu. Cholakwika chimene magulu ambiri amachita ndi kumupanga mlendoyu kukhala mpulumutsi wanzeru wodzaphunzitsa anthu akumudzi. Oonera amadana naye msanga. Ren ali ndi bala lake, bambo ake anawathawa, ndipo kulimbana kwake kumapweteka anthu osalakwa: mayi ake amachotsedwa ntchito, ndipo njerwa imaponyedwa pa zenera la nyumba ya achibale amene anawalandira. Mlendo wanu naye alipire, ndipo aone ena akulipira chifukwa cha iye.

Koma amene amasenza katundu wolemera ndi mwana wa m'nyumba ya m'busa. Ariel Moore sapanduka chifukwa chokonda nyimbo. Kumayambiriro kwa filimu amaima mwendo wina pa galimoto ina, wina pa inzake, zonse zikuthamanga, kutsogolo kukubwera thiraki. Pambuyo pake amaima pa njanji sitima ikubwera. Uyu ndi mwana amene mchimwene wake anafa, bambo ake n'kusandutsa chisoni chawo kukhala ntchito ya tauni yonse, iye n'kutsala wopanda womulira naye. Akusewera ndi imfa kuti bambo akewo amucheukire. Mukalemba mwana wa abusa wongovala zothina ndi kutafuna chingamu, mwalemba chithunzi cha pa khoma la saluni. Mpatseni chinthu chimodzi chooneka chimene bambo ake amadana nacho, monga nsapato zofiira za Ariel, ndipo mpatseni chochitika chimodzi pamene iye ndi bambo ake ali awiriwiri ndipo wina akunena mawu amene sangabwezedwe. (Zoima pa galimoto ndi pa njanjizo musaziyerekeze n'komwe. Zinajambulidwa ndi akatswiri a ntchito zoopsa, ndipo inu muli ndi ana a eni.)

Anthu awiri otsalawo ndi aafupi kuwafotokoza koma musawasiye. Woyamba ndi mnzake wa mlendo amene sadziwa kuvina. Mu Footloose ndi Willard, ndipo Chris Penn amene anamusewera sankadziwadi kuvina pamene ankapatsidwa mbaliyo. Ameneyu ndiye mwini nthabwala. Mukamuika, oonera amakhala ndi malo oyenera kusekera, ndipo amasiya kuseka m'busa. Wachiwiri ndi mayi. Vi Moore amakhala chete pafupifupi theka la filimu, kenako amauza mwamuna wake kuti amatha kukweza mpingo wonse ndi mawu koma amalephera kulankhula ndi munthu mmodzi maso ndi maso. Mawu amenewa mwana sangawanene, akawanena ndi mwano. Mkazi amene wakhala pa benchi lakutsogolo zaka zonsezi akawanena ndi chiweruzo.

Pali chida china chimene anthu ambiri sachiona, ndipo ndicho chimatembenuza m'busa. Mu filimuyi muli akhristu ena otentheka kuposa Shaw, amene amayamba kudandaula za mabuku a pa sukulu mpaka tsiku lina amakoleza moto panja pa laibulale n'kuyamba kuwatentha. Shaw amathamanga kukawaletsa. Apo ndi pamene amaona kumene msewu umene iye analambula ukupita. Palibe mwana amene wamugonjetsa pa mtsutso; waona yekha nkhope yake mwa omutsatira. Mu filimu yanu akhoza kukhala mkulu wa mpingo amene akuphwanya wailesi ya mwana wamasiye, kapena amene akufuna kuti mtsikana adulidwe mu mpingo pamaso pa anthu onse. Chofunika n'chakuti achite zimenezo m'dzina la m'busa, akuyembekezera kuyamikiridwa.

Tsopano kagawidwe ka nthawi. Tsamba limodzi la sewero la filimu lolembedwa mwa dongosolo limatenga pafupifupi mphindi imodzi, ndiye mukufuna masamba 30. Footloose ili ndi mphindi zoposa 100, choncho musayese kulowetsa zonse. Masamba 5 oyamba aonetse bala ndi kufika kwa mlendo, ndipo pofika tsamba lachisanu lamulo likhale litamuluma kale. Kuyambira 6 mpaka 12 akumane ndi mwana wa abusa ndi mnzake wosavina uja, zinthu zimuthine, avine yekha. Kuyambira 13 mpaka 18 ndi nthawi ya chiyembekezo: kuphunzitsana, kusonkhanitsa anzawo, kupempha msonkhano. Kuyambira 19 mpaka 22 chilango chigwe, m'busa amenye mwana wake mbama, otentheka apyole muyeso. Msonkhano utenge masamba atatu ndipo ana agonje. Masamba awiri otsatira akhale a m'busa, lina ali ndi mkazi wake, lina ali ndi mlendo uja. Otsalawo ndi a gule. Kuvina konse pamodzi kusapitirire mphindi 7 kapena 8. Mukapitirira apo mwajambula vidiyo ya nyimbo yokhala ndi zokamba pakati.

Mwanena kuti ana anu akungovina. Vuto ndi lakuti gule aliyense akunena chinthu chimodzimodzi. Mu filimu yomangidwa bwino, gule aliyense ali ndi ntchito imene mawu sangagwire, ndipo mukamuchotsa nkhani imaduka. Atatu akukwanirani.

Woyamba ndi gule wa mkwiyo, wa munthu mmodzi, kopanda omuonera. Ren amayendetsa galimoto mpaka m'nyumba yosungiramo katundu yopanda anthu, amasuta, amamenya chiwongolero, kenako thupi limayamba lokha. Billy Elliot amavina akumenya makoma ndi zitseko mpaka kutsika msewu wonse. Gule ameneyu asakhale wokongola. Ayambe ndi chinthu chimene si kuvina, monga kumenya chitseko ndi phazi kapena kuponya chikwama, kenako kumenyako kupeze kayendedwe ka nyimbo. Masekondi 60 mpaka 90 akwana. Dziwaninso kuti pa chochitika chimenechi Kevin Bacon anathandizidwa ndi anthu ena omuimira pa zodumpha ndi zozungulira pa chitsulo, ndipo malowo ndi amdima, kuwala kukuchokera kumbuyo. Inu mulibe omuimira, ndiye mangani guleyo pa zimene mwana wanuyo amathadi.

Wachiwiri ndi wophunzitsana. Amapangidwa ndi tizidutswa ta masekondi 5 mpaka 10 m'malo osiyanasiyana, kuseri kwa kalasi, kumunda, pa mjigo, ndipo wophunzirayo ayambe ndi kulephera ngakhale kuomba m'manja motsatira nyimbo. Jambulani sitepe imodzi yomweyo katatu: akuiphonya, akuigwira mwa theka, akuigwira yonse. Oonera akaidziwa sitepe imeneyo adzaidikira pa gule womaliza. Kalembedwe kameneka kanakula m'zaka zoyambirira za MTV, kanema ya mavidiyo a nyimbo ya ku America imene inayamba mu 1981, pamene nyimbo ndi filimu zinkagulitsana. Nyimbo ziwiri za mu Footloose zinafika pa nambala 1 ku America, ndipo filimu imene inadya madola pafupifupi 8 miliyoni inabweretsa pafupifupi 80 miliyoni m'dzikomo.

Wachitatu ndi womaliza, ndipo ndibwererako.

Pa kajambulidwe, ovina amawerenga m'magulu a zisanu ndi zitatu. Nyimbo yogunda ka 120 pa mphindi imapereka gulu limodzi pa masekondi 4 aliwonse, kutanthauza magulu 15 pa mphindi, ndipo gule wa mphindi ziwiri ali ndi magulu 30. Lembani magulu amenewa pa bolodi ndi manambala, kuti pojambula muzingoti "tiyambire pa 17" m'malo moyambiranso nyimbo yonse. Kwa ana amene sanazolowere, werengerani masabata atatu kapena anayi oyeserera, katatu pa sabata, pa gule womaliza yekha. Sankhani nyimbo musanayambe kuyeserera ndipo musaisinthe. Magulu ambiri amavinira nyimbo ina poyeserera n'kuikapo ina pokonza, mapazi n'kumagwa pambali pa ng'oma, ndipo palibe kompyuta imene ingakonze zimenezo.

Tsiku lojambula izani nyimbo pa sipika, fayilo yomweyo imene mudzaike mu filimu, ndipo kumayambiriro kwake muikeko kugunda kanayi kowerengera, kuti wokonza adzapeze polumikizira zithunzi ndi mawu. Jambulani gule yense kaye kamera ili patali, thupi lonse likuoneka kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kawiri kapena katatu. Mukatero bwerani pafupi kudzatenga nkhope, kenako mapazi. Fred Astaire, katswiri wovina m'mafilimu akale a ku America, ankaumirira kuti kamera izionetsa thupi lonse ndi kudula pang'ono, ndipo chifukwa chake chikadalipo: wovina akadulidwa m'mawondo, woonera sakhulupirira kuti akuvina. Mapazi okha ali ndi mphamvu yawo. Footloose imayamba ndi mapazi a anthu osiyanasiyana basi, nsapato zosiyanasiyana, nkhope osaoneka. Ndi chinthu chotsika mtengo chimene inunso mungathe kuchiganizira mwa njira yanu.

Ikani kamera kapena foni pa mafelemu 25 pa sekondi, shata (nthawi imene kamera imalandira kuwala pa felemu iliyonse) pa 1/50 ya sekondi. Magetsi athu amayenda pa 50 Hz, ndipo mukajambula pa 30 pansi pa machubu a mu holo ya sukulu chithunzi chimaphethira ndi mizere yoyenda. Pamene mukufuna kudzachedwetsa chithunzi, jambulani pa 50 ndi shata ya 1/100. Ngati pali zokamba pakati pa dansi, zimitsani sipika: izani nyimbo masekondi ochepa kuti anthu agwire kayendedwe, idulani, apitirize kuvina mwakachetechete olankhulawo akulankhula mokweza ngati pali phokoso, nyimbo mudzaiika pokonza. Mukajambula mawu nyimbo ikulira, kudula kulikonse kudzadumphitsa nyimboyo. Ovina akumbuyo avule nsapato ngati mapazi sakuoneka. Simenti imapweteka mawondo ndi miyendo ikadumphidwa tsiku lonse, ndiye musapitirire maulendo asanu kapena asanu ndi limodzi a gule wathunthu, ndipo zodumpha muzijambule m'mawa miyendo isanatope. Pa dothi wazani madzi pang'ono mphindi 20 musanayambe. Fumbi lochepa limakongola kuwala kukachokera kumbuyo, lambiri limabisa mapazi ndi kutsokomoletsa ana. Wina ayang'anire thukuta: malaya ouma pa chithunzi china ndi onyowa pa chotsatira amaonekera kutali.

Za nyimbo za eni, musaike nyimbo ya woimba aliyense popanda chilolezo cholembedwa. YouTube ndi Facebook zimatha kuzimitsa mawu kapena kutsekereza vidiyo yonse, ndipo filimu ya dansi yopanda mawu ndi mtembo. Funsani ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina m'Malawi, kapena pezani woimba wa m'dera lanu akupangireni nyimbo zitatu zanuzanu, mugwirizane pa pepala. Makolo a mwana aliyense wosafika zaka 18 asainirenso kalata, atawerenga seweroli. Ku Hollywood vuto limeneli amalizemba potenga akuluakulu: Kevin Bacon anali ndi zaka za m'ma 20, ndipo Lori Singer amene anasewera Ariel ndi wamng'ono kwa Lithgow, "bambo" ake, ndi zaka 12 zokha. Inu muli ndi ana enieni, zimene zili bwino pa nkhope koma zikufuna kuti zochitika za mbama ndi za chikondi muziyeserere pang'onopang'ono, wamkulu wina ali pomwepo. Mbama isafike pa tsaya: kamera ikhale kumbuyo kwa womenyedwa, dzanja lidutse patali ndi nkhope ngati chikhatho chimodzi, mutu utembenuke, phokoso mudzaliike pambuyo.

Chenjezo lina ndi lakuti musasamutse Bomont n'kumuika kwanu monga alili. Oonera anu akudziwa kuti m'matchalitchi ambiri kwaya imavina, amayi amavina popereka chopereka, ndipo pa ukwati aperekezi amayeserera masitepe milungu ingapo. Mukati abusa aletsa kuvina konse, palibe amene akhulupirire. Mkangano weniweni umakhala wa gule uti, kuti, nthawi yanji ndi ndani: disiko ya usiku, mchezo wa ukwati, kavinidwe ka m'chiuno ka pa foni, kapena nkhani yakale ya mipingo ndi gule wamkulu, imene ndi yolemera kwambiri moti singakwane m'mphindi 30 ndipo singaseweredwe mwachibwana. Sankhani lamulo limodzi laling'ono limene ana anu analimvapo ndi makutu awo, monga kuletsa disiko yotsanzikana ya a Folomu 4, ndipo mudzi, sukulu ndi mpingo zikhale zopeka.

Tibwerere ku mapeto. Ana atagonja ku khonsolo, mwini chigayo chimene Ren amagwirako ganyu amamuuza kuti nyumba ina yosungiramo mbewu ili kutsidya kwa malire, kumene lamulo la Bomont silifika. Ndiye dansi ikhoza kuchitika popanda chilolezo cha aliyense. Apa ndi pamene filimuyi imaonetsa nzeru zake, chifukwa Ren amapitabe kunyumba kwa m'busa kukapempha kuti atenge Ariel. Sakufunikanso chilolezo cha lamulo, akufuna mdalitso. Lamlungu lotsatira Shaw amaima pa guwa n'kupempha mpingo kuti upempherere ana awo pa zimene akukachita. Sanena kuti dansi ndi yabwino ndipo sapepesa pagulu. Amangomasula dzanja. M'busa wanu asasinthe kuposa pamenepo. Mukamuvinitsa pakati pa bwalo atamanga jekete m'chiuno, holo idzaseka ndipo zonse zimene munamanga zidzagwa.

Gule womalizayo ayambe moipa. Ana amene sanavinepo pagulu salowa m'bwalo ngati akatswiri. Mu Footloose holo yakongoletsedwa, nyimbo ikulira, koma anyamata akhala khoma lina, atsikana khoma lina, wina akukonza tayi, wina akuyang'ana pansi. Perekani masekondi 30 mpaka 40 ku manyazi amenewa, ndipo musawaope. Kenako awiri alowe, ena awiri atsatire, ndipo bwalo litseguke mokwanira pamene mnzake wosavina uja waponya sitepe imene tinamuona akuiphonya pa mjigo. Pagule fumbi ndiwe mwini, ndiye aliyense mwa ana anu apatsidwe magulu awiri a zisanu ndi zitatu pakati pa bwalo, avine zake, osati zofanana ndi anzake ngati perete. Pakati pa zimenezi tulutsani kamera panja kamodzi. M'busa ndi mkazi wake aime patali mu mdima, pamene kuwala kwa pa zenera kukuthera. Pokonza mawu, chotsani kumveka kwa pamwamba konse kuti kutsale kugunda kwa ng'oma kodutsa khoma, muonjezere nkhululu ndi mphepo. Chithunzi chimenechi chikhale masekondi 10 kapena 12 osadula, awiriwo asalankhule, ndipo muchijambule dzuwa litangolowa kumene, kumwamba kukadali kobiriwira pang'ono, chifukwa mu mdima weniweni kamera ya foni idzangokupatsani chithunzi cha mchenga.